Kusungiratu malo pa disiki ya seva: truncate, dd kapena fallocate?

Chikondi, Limbe:
Moni nonse pagulu pano. Seva ndi ya Ubuntu, disiki ya 500 GB, filesystem (dongosolo losungira mafayilo) yake ndi ext4, partition imodzi yokha. Masana onse ma scan a muofesi amagwera pa disiki yomweyo, ndipo usiku pg_dump (chida chokopera database ya PostgreSQL) imalemba backup ya pafupifupi 15 GB. Disiki ikadzaza masana, backup ya usiku imadukira panjira. Ndikufuna kusungiratu 20 GB yoti ma scan asaikhudze. Ena akuti truncate, ena dd, ena fallocate. Yogwiradi ntchito ndi iti?

A Mbewe, Ginnery Corner:
Truncate muichotseretu pa mndandanda, achimwene. Mukalemba `truncate -s 20G malo.bin`, kompyuta imangolemba mu inode (kaundula wa fayiloyo) kuti fayiloyi ndi yaikulu 20 GB, koma siitenga buloko ngakhale imodzi pa disiki. Mkati mwake ndi dzenje lokhalokha. `ls -lh` ikuuzani 20G, mukhulupirira, koma `du -h malo.bin` ikuuzani 0. Ma scan adzadya malo onse monga mwa masiku onse. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa truncate ndi wa pachala.

Fallocate ndiyo inapangidwira ntchito imeneyi: `fallocate -l 20G malo.bin`. Imapempha ext4 kuti ipatule mabuloko enieni n'kuwalemba m'dzina la fayiloyo, koma osalembamo kanthu. Mabulokowo amaikidwa chizindikiro choti sanalembedwe, ndiye wina akawerenga fayiloyo amapatsidwa maziro, saona zakale zimene zinali pamalopo. N'chifukwa chake imatha m'kanthawi kochepa ngakhale fayilo ikule bwanji. Mukafuna kuona ndi maso, `filefrag -v malo.bin` ikuonetsani mawu oti unwritten kumapeto kwa mzere uliwonse.

Dd imafika pomwepo koma poyenda pansi: `dd if=/dev/zero of=malo.bin bs=1M count=20480 status=progress conv=fsync`. Iyi imalembadi maziro buloko ndi buloko. Pa disiki yozungulira yolemba 150 MB pa sekondi ndi mphindi ziwiri ndi theka, ndipo nthawi yonseyo database ikulimbirana nayo disiki.

Tadala, Chichiri:
Pa dd ndionjezepo chimodzi, chifukwa ophunzira ambiri amagwa pomwepa. Osalemba `bs=20G count=1`. Choyamba, dd imafuna kusunga bs (kukula kwa chigawo cholembedwa ulendo umodzi) yonseyo mu memory nthawi imodzi, ndiye pa seva ya 8 GB ikana kapena ikankhira zinthu zina ku swap (malo a pa disiki othandizira memory ikadzaza). Chachiwiri, ngakhale memory ikwane, Linux siipereka zoposa mabayiti 2,147,479,552 pa kuwerenga kumodzi. Fayilo imatuluka ya pafupifupi 2 GB, dd osadandaula mokweza, munthu n'kumaganiza kuti wasunga 20. Ndiye bs ikhale yaing'ono, count ndiyo ikule.

Komanso G ndi GB si chinthu chimodzi pa malamulo amenewa. `20G` ndi mabayiti 21,474,836,480, pomwe `20GB` ndi 20,000,000,000. Kusiyana kwake kukuyandikira 1.5 GB.

Chikondi, Limbe:
Zikomo kwambiri. Ndiye ndipange `fallocate -l 20G /backup/lero.sql` m'mawa, usiku cron (chida choyendetsa malamulo pa nthawi yoikika) ilembe `pg_dump dzina > /backup/lero.sql` basi?

A Mbewe, Ginnery Corner:
Ayi, apo ndiye pali msampha weniweni. Chizindikiro cha `>` chimauza shell kuti itsegule fayilo n'kuidula kufika pa ziro isanalembe chilichonse. Pa sekondi imeneyo mabuloko onse amene fallocate inapatula abwerera ku disiki, aliyense akhoza kuwatenga. Ngati usiku palibe china cholemba, mwina backup ikwana mwamwayi, chifukwa malo omasukawo akadalipo. Koma ngati pali sikana imene ikutumizabe mafayilo, kapena ma log akuthamanga, alimbirana malo omwewo ndipo simunasunge kanthu. `pg_dump -f` imachitanso chimodzimodzi, `tar -cf` chimodzimodzi, `curl -o` chimodzimodzi. Pulogalamu iliyonse yoyamba fayilo mwatsopano imadula kaye.

Njira yake ndi iyi. Pangani fayilo yopanda kanthu ndi `touch /backup/lero.sql`, kenako `fallocate -n -l 20G /backup/lero.sql`. Ka `-n` kameneka kamati patula mabuloko koma kukula kwa fayilo usakusinthe. Touch ndi yofunika chifukwa fallocate ikakhala ndi `-n` siipanga yokha fayilo yatsopano. Tsopano `ls -l` ionetsa 0, `du -h` ionetsa 20G, zosemphana ndi za truncate zija. Usiku mulembe ndi zizindikiro ziwiri: `pg_dump dzina >> /backup/lero.sql`. Kuwonjezera kumapeto sikudula fayilo, ndiye zolembazo zimagwera m'mabuloko osungidwa aja. Ikatha, bwezani otsala ndi `truncate -s $(stat -c %s /backup/lero.sql) /backup/lero.sql`. Kukula sikusintha koma ext4 imamasula mabuloko opitirira kumapeto.

Chenjezo limodzi: `>>` imaphatikiza. Ngati m'fayilomo munali kale backup ya dzulo, ya lero ikhala kumchira kwake, ndipo pobwezeretsa database mudzaona zodabwitsa. Tsiku lililonse dzina lake, fayilo yake yatsopano.

Mayi Nachisale, Namiwawa:
A Mbewe, zimene mwanenazo ndi zoona zonse, koma ine sindingapatse munthu njira imeneyo kuti aisiye mu cron zaka ziwiri. Ili ndi malo ambiri oterera. Wina adzabwera, adzaona fayilo ya 0 mu `ls`, adzati ndi zinyalala, n'kuifufuta. Wina adzakonza script n'kusintha `>>` kukhala `>`, palibe chimene chidzalire. Chimene a Chikondi akufuna si fayilo yosungidwa, akufuna foda imene ma scan sangailowerere. Zimenezo ndi za filesystem yapayokha.

Ngati seva inaikidwa ndi LVM (njira yogawa disiki m'zigawo zosinthika kukula), yambani mwaona `vgs`. Ubuntu Server ikamadziika yokha ndi LVM kawirikawiri siigwiritsa disiki yonse, imasiya malo mu volume group osagawidwa. Akakhalapo, `lvcreate -L 40G -n backup ubuntu-vg`, kenako `mkfs.ext4`, kenako mzere mu fstab (fayilo yonena ma disiki olumikizidwa seva ikamayaka), nkhani yatha.

Ngati LVM palibe, pangani disiki mkati mwa fayilo:

`fallocate -l 40G /srv/backup.img`
`mkfs.ext4 -F -m 0 -E nodiscard /srv/backup.img`
`mount -o loop /srv/backup.img /backup`

Mu /backup muzilemba ndi `>` kapena china chilichonse, malowo ndi a foda imeneyo yokha. Ndanena 40 osati 20 chifukwa simufufuta backup ya dzulo ya lero isanathe bwino, ndiye pakufunika malo a ziwiri, kuphatikizapo journal ndi ma inode amene mkfs imadzitengera.

Tadala, Chichiri:
Mayi, tafotokozerani anthu chifukwa cha `nodiscard`, ambiri aidumpha.

Mayi Nachisale, Namiwawa:
Ndi pamtima pa nkhaniyi. Mkfs.ext4 ikamayamba imauza chipangizo kuti mabuloko onse alibe ntchito, chifukwa pa SSD zimenezo zimathandiza. Koma chipangizo chikakhala fayilo, uthenga umenewo umasanduka kubooleza. Fayilo ya 40G imene munapatula bwinobwino imasanduka dzenje ngati la truncate lija, `du` n'kutsika kufika pa ma MB ochepa. Mwagwira ntchito yonse, malo osasungidwa. `-E nodiscard` imaletsa zimenezo.

Mdani wachiwiri ndi fstrim. Pa Ubuntu pali `fstrim.timer` imene imadzuka kamodzi pa sabata n'kuyenda m'ma filesystem olumikizidwa. Ikafika pa loop (fayilo ija yolumikizidwa ngati disiki), malo onse opanda kanthu mkati mwa backup.img imawabooleza, abwerera ku disiki yaikulu, ma scan awadya. Vuto lake limaonekera mochedwa ndiponso moipa: filesystem ya mkati ikuganiza kuti ili ndi malo, ikalemba disiki yakunja ikukana, mu `dmesg` (mauthenga a Linux) mudzaza ma I/O error, mwinanso /backup isanduka yongowerenga. Pa util-linux yatsopano mukhoza kuika `X-fstrim.notrim` pa mzere wa fstab. Onani `man fstrim` pa seva yanuyo ngati ikuitchula. Mzerewo ukhale chonchi:

`/srv/backup.img /backup ext4 loop,nofail,X-fstrim.notrim 0 0`

Ubwino wa fallocate ndi woti mukhoza kuibwereza pa fayilo yokhala ndi zinthu kale, siiwononga chilichonse, imangodzaza mabowo. Ndiye mukatha mkfs bwerezani `fallocate -l 40G /srv/backup.img`, muone `du`. Dd musayerekeze kuibwereza pamenepo, ifafaniza zonse.

Yamikani, Chirimba:
Funso limene palibe wafunsa: sevayi ndi chitsulo chenicheni kapena ndi VM (kompyuta yongoyerekeza yoyenda mkati mwa ina)? Maofesi ena muno mu Blantyre ali ndi bokosi limodzi la Proxmox kapena VirtualBox lonyamula ma seva atatu. Ngati disiki ya VM ndi fayilo ya qcow2 kapena VDI yomakula pang'onopang'ono, fallocate ya mkati mwa Ubuntu siifika pansi. Ext4 ya mkati ingolemba m'mabuku ake kuti mabuloko atengedwa, koma popeza palibe chalembedwa, fayilo ya qcow2 pa makina enieniwo siikula. Makina enieni akadzaza, QEMU (pulogalamu yoyendetsa VM) imaimitsa VM yonse, database ndi backup pamodzi. Pa LVM thin vuto ndi lomwelo.

Zikatero malo muwasunge pansi pomwe. Popanga disiki: `qemu-img create -f qcow2 -o preallocation=falloc disiki.qcow2 100G`. Pali `metadata`, `falloc` ndi `full`. Ya metadata imangokonza mabuku a qcow2, malo a deta osatenga. Ya falloc imaitana fallocate pa makina enieni. Ya full imalemba maziro ngati dd. Mu VirtualBox sankhani disiki ya fixed size.

Chikondi, Limbe:
Ndi chitsulo chenicheni, achimwene, VM palibe. LVM palibenso, `vgs` siikuonetsa kanthu. Koma pali china chikundizunguza. `df -h` ikuti Size 457G, Used 401G, Avail 33G. Ndikaphatikiza 401 ndi 33 sizikufika 457. Zina zapita kuti?

A Mbewe, Ginnery Corner:
Sizinasowe. Ext4 ikamapangidwa imasungira root (user wa mphamvu zonse) 5 peresenti ya mabuloko, kuti disiki ikadzaza kwa anthu wamba, ntchito za root zizithabe kulemba ndipo inu muthe kulowa kukakonza. Pa 457G ndi pafupifupi 23G, ndiyo mukuisakayo. `tune2fs -l /dev/sda2 | grep -i reserved` ikuonetsani, mungosintha dzina la partition kukhala lanu.

Ziwiri zikutuluka apa. Choyamba, mukayendetsa fallocate ndi sudo, ndinu root, ndiye mukhoza kudya malo osungidwawo osadziwa. Avail ili 33G, mukapempha 40G ngati root itheka, koma Avail igwa pa ziro ndipo Samba (yolandira mafayilo kudzera pa netiweki), PostgreSQL ndi onse osakhala root aima nthawi yomweyo. Musapemphe zoposa Avail. Chachiwiri, fallocate ikapempha zoposa zimene zilipo, imati No space left on device, koma pa ext4 ikhoza kusiya fayilo itagwira mabuloko amene inatha kupeza. Musangowerenga uthengawo n'kupitirira. Onani `du` pa fayiloyo, muifufute.

Mukafuna mpata, `tune2fs -m 2 /dev/sda2` itsitsa 5 kufika pa 2 peresenti, disiki ili yolumikizidwa, ndipo ikubwezerani pafupifupi 14G. Pa partition yokhala ndi / ndi /var musafike pa ziro.

Tadala, Chichiri:
Pali njira inanso yogwiritsa ntchito malo a root omwewo, ngakhale si ambiri amaidziwa: `tune2fs -u postgres /dev/sda2` imapereka malo osungidwawo kwa user mmodzi kuwonjezera pa root. Ma scan obwera kudzera pa Samba aima Avail ikafika pa ziro, koma postgres ipitirira kulemba. Si yokongola kwenikweni, poti 23G imeneyo agawana database, backup ndi ma log a root, koma palibe fayilo yoti wina aifufute mwangozi.

Mayi Nachisale, Namiwawa:
Imeneyo ndi yabwino ngati yowonjezera, osati m'malo mwa foda yapayokha. Ndipo a Chikondi, ndinene poyera: backup yokhala pa disiki imodzi ndi database imakutetezani kwa munthu wofufuta molakwitsa basi. Disiki ikafa zimapita limodzi. Mmene magetsi amathimira kuno, disiki yozungulira yopanda UPS yabwino siikhalitsa. Fayilo ikatha kulembedwa izikoperedwa ku disiki ina kapena makina ena.

Pokopera samalani ziwiri. Disiki ya USB ikakhala FAT32, fayilo imodzi siipitirira mabayiti 4,294,967,295, ndiye ya 15 GB idukira pa 4 GB ndi uthenga woti File too large, ngakhale malo alipo ambiri. Ikhale ext4, exFAT kapena NTFS. Ndipo `rsync --preallocate` imaitana fallocate kumene fayilo ikupita isanayambe kulemba, ndiye ngati malo sakwana mudziwa pachiyambi, osati patatha mphindi makumi awiri.

Limbani, Ndirande:
Pepani kulowerera. Nanga popanga fayilo ya swap? Malangizo ena amati fallocate, ena amati dd yokha basi.

A Mbewe, Ginnery Corner:
Onse ali ndi mbali yawo. Kernel ikamalemba ku swap siidutsa mu filesystem, imatenga mndandanda wa mabuloko pa nthawi ya `swapon` n'kumalemba mwachindunji. Ndiye fayiloyo isakhale ndi bowo lililonse. Ya truncate ikanidwa nthawi yomweyo, mu `dmesg` muona swapfile has holes. Ya fallocate imayenda pa ext4, ndipo pa XFS inayamba kuyenda ndi Linux 4.18. Buku la `man swapon` limanena lokha kuti dd ndiyo yoyenda paliponse. Ya 4 GB siichedwa, ndiye ine ndimati dd: `dd if=/dev/zero of=/swapfile bs=1M count=4096`, kenako `chmod 600 /swapfile`, `mkswap /swapfile`, `swapon /swapfile`. Chmod isadumphidwe, mu swap mumagwera zimene zinali mu memory, mapasiwedi omwe.

Btrfs, filesystem inanso ya Linux, ndi nkhani ina. Inayamba kulola swapfile ndi Linux 5.0, koma fayiloyo iyenera kuikidwa `chattr +C` ikadali yopanda kanthu, isakhale yopanikizidwa, ndipo subvolume yake musamaijambule snapshot. Kuyambira btrfs-progs 6.1 pali `btrfs filesystem mkswapfile --size 4g /swap/swapfile` yochita zonsezo.

Yamikani, Chirimba:
Poti btrfs yatchulidwa, amene ali nayo kapena ZFS asatengere zonse za pamwambazi mmene zilili. Ma filesystem amenewa salemba pamwamba pa buloko yakale, amalemba pa malo atsopano. Pa btrfs, fallocate imatsimikizira kulemba koyamba kokha. Kulembanso kachiwiri pamalo omwewo, kapena pambuyo pa snapshot, kumafuna malo ena. Pa ZFS fallocate siisunga kanthu kodalirika, ndipo compression ikakhala yoyatsa, maziro a dd amasanduka mabowo, fayilo ya 20G osatenga malo. Kumeneko chida chake ndi `zfs set reservation=40G tank/backup`, dataset imeneyo ipatsidwa malo ake ena onse osawakhudza. Amene akufuna fayilo yodzadzadi pa filesystem yopanikiza atenge ku `/dev/urandom` m'malo mwa `/dev/zero`.

Ndipo quota si kusunga. Quota imaikira munthu malire oti asapitirire, siimulonjeza kuti malowo adzawapeza. Komabe kwa a Chikondi ikhoza kugwira ntchito mozondoka: ma scan akaikiridwa malire, otsalawo ndi a database.

Limbani, Ndirande:
Zikomo akuluakulu. Pa Windows pali chofanana nacho?

Tadala, Chichiri:
Chilipo: `fsutil file createnew D:\malo.bin 21474836480`. Kukula kumalembedwa m'mabayiti, G siimva. NTFS imapatula malo enieni n'kusunga nambala ya pamene zolembedwa zafika, kupitirira apo wowerenga amapatsidwa maziro. Chodabwitsa ambiri ndi choti pulogalamu ikalumpha kukalemba kumapeto kwa fayilo yotere, Windows imayamba yadzaza maziro kuchokera koyambirira, ndiye imaoneka ngati yaima. `fsutil file setvaliddata` imadumpha zimenezo, koma imaonetsa poyera deta yakale imene inali m'mabulokowo, n'chifukwa chake imafuna administrator. Pa kompyuta ya anthu ambiri isiyeni. Pa macOS ndi `mkfile 20g malo.bin`.

Chikondi, Limbe:
Ndatsata njira ya mayi Nachisale. Ndinayamba ndi `tune2fs -m 2`, Avail inakwera kufika 47G. Ndasamutsa ma backup akale awiri kupita ku disiki ya USB, kenako fallocate ya 40G, mkfs ndi nodiscard, mount. `du -h /srv/backup.img` ikuti 40G. Mu `stat` pali Blocks: 83886088, kodi ndi zolondola? Ndipo `df` yasuntha pang'ono pokha nditafufuta log yaikulu ya 9G mu /var/log.

A Mbewe, Ginnery Corner:
Ndi zolondola. Stat imawerenga mabuloko a mabayiti 512, osati a 4096 a ext4. 40G mukaigawa ndi 512 ndi 83,886,080. Asanu ndi atatu apamwambawo ndi buloko imodzi ya 4096 imene ext4 ikusungiramo mndandanda wa ma extent (magulu a mabuloko otsatizana). Nambala imeneyi muilembe penapake. Ikadzatsika, china chake chabooleza fayiloyo, ndipo woyamba kumuganizira ndi fstrim. Yang'ananinso pakatha sabata, timer ija itadutsa. `systemctl list-timers fstrim.timer` ikuuzani tsiku lake.

Za log ija, pali pulogalamu imene ikadali itaitsegula. `rm` imachotsa dzina lokha, mabuloko samasuka mpaka womaliza kuigwira ataisiya. `lsof +L1` ikuonetsani ndani. Mukayambitsanso pulogalamuyo 9G ibwera. Ulendo wina log yamoyo muziikhuthula ndi `truncate -s 0`, apo ndiye pamene truncate ili ndi ntchito.

Mayi Nachisale, Namiwawa:
Chatsala chimodzi mu script ya cron, ndipo n'chobwera chifukwa cha `nofail` ndinakupatsani ija. Magetsi akathima seva n'kudzukanso, loop ikalephera kulumikizidwa, seva iyaka bwinobwino osadandaula, /backup n'kukhala foda wamba pa disiki yaikulu. Pg_dump ilemba mmenemo mosazindikira, pa malo omwe ma scan akulimbirana. Mzere woyamba wa script ukhale `mountpoint -q /backup || exit 1`, ndipo cron izikutumizirani uthenga ikatuluka ndi 1. Mukafuna chitetezo chachiwiri, chotsani mount kaye, mulembe `chattr +i /backup` pa foda yopanda kanthuyo, kenako mulumikizenso. Loop ikakhalapo zonse zimalembeka, ikasowa ngakhale root akanidwa kulembamo.

Komanso foda ya mkatiyo mwini wake ndi root pakadali pano. Ngati cron ikuyenda ngati postgres, `chown postgres /backup` muichite loop ili yolumikizidwa, apo ayi usiku uno muona Permission denied.

Chikondi, Limbe:
Chown ndinali nditaiwaladi. Ndakonza, ndipo ndayesa script pamanja ngati postgres, yalemba 14G m'mphindi 11. Nambala ya Blocks ija ndidzaiika pano Lolemba fstrim ikadutsa.